Zikomo amene kabuku ka Chifalansa kanalephera kumunyamula

Ndisanakwere ndege yopita ku Lyon, kumene mwana wa mlongo wanga anakwatiwa, ndinagula kabuku komasulira mawu a tsiku ndi tsiku kuchoka m'Chingerezi kupita m'Chifalansa. Ndinaloweza kuti pothokoza amati merci, popepesa pardon, popempha s'il vous plaît. Koma lilime siliiwala kwawo. Atandilandira chikwama ndinati zikomo, polowa m'nyumba zikomo, podutsa kumbuyo kwa anthu amene anakhala patebulo zikomonso. Bambo wina woitanidwa ku chakudyacho anafunsa tanthauzo lake. Nditamufotokozera, anati chiyankhulo chimene chimagwiritsa mawu amodzi pa zinthu zitatu ndiye kuti n'chosauka. Mwina sanafune kundinyoza, koma chakudya chinandikhala pakhosi.

Bamboyo akanaona agogo anga kwathu ku Dedza sakanatero. Zikomo wawo wolandira chinthu ankatuluka atagwada, manja onse awiri atatambasula, kenako n'kuwomba m'manja mofatsa. Zikomo wodutsa pakati pa akuluakulu ndi wina: munthu amawerama, dzanja lili patsogolo, mawu ali pansipansi. Palinso wa pakhomo, m'bale wake wa odi, amene umanena utaima pabwalo mpaka mwini nyumba akuyankhe. Pabwalo la milandu kwa amfumu, munthu amayamba ndi zikomo popempha mpata ndipo amatsiriza naye pobweza mpatawo. Theka la tanthauzo lili m'mawondo ndi m'manja, ndipo palibe kabuku kamene kangalembe zimenezo.

Moni wa Afalansa ndi wothamanga. Wina amati ça va, mnzake ça va, basi apita. Ndiwayamikire pa chimodzi: sulowa m'sitolo osanena bonjour. Koma kwathu m'mawa timafunsa mwadzuka bwanji, dzuwa likapendeka mwaswera bwanji, ndipo woyankha amabweza ndi kaya inu. Pambuyo pake pamabwera ana, odwala aja agona bwanji, mvula yagwa kodi kwanuko. Moni wotere umauza mudzi wonse kumene kuli matenda dzuwa lisanakwere.

Pamene ndinapeza chibale ndi Afalansa ndi pa mawu oitanira munthu. Chingerezi chili ndi you mmodzi wa mwana ndi mfumu yomwe, motero kabuku kanga kanatha tsamba lonse kufotokoza kusiyana kwa tu ndi vous. Kwa ine inali nkhani ya mawu awiri: iwe ndi inu. Apa ndinaona kuti Chingerezi chimene ndinadutsiramo chinali mlatho wopapatiza kuposa magombe onse awiri. Komabe makutu anga anawawa nditamva kamwana kakunena tu kwa agogo ake. Ndinauzidwa kuti kumeneko ndi chizindikiro cha chikondi. Kwathu mwana wonena iwe kwa agogo amachititsa manyazi mbumba yonse.

Za chibale ndiye musanene. Mwana wathu anandionetsa kwa anthu kuti ndine oncle, dzina limene akanapatsanso mng'ono wa bambo ake. Ndinamukokera pambali.

"Mwanawe, ine ndine oncle chabe?"

"Pepani amalume, kuno alibe mawu ena," anatero akuyang'ana pansi.

Alibedi. Pachinkhoswe chake ndine amene ndinalandira tambala kuchokera kwa akuchimuna n'kupereka thadzi, ndipo banja likagwedezeka uthenga umayamba kufika kwa ine. Bambo aang'ono ali ndi malo awo, koma si amenewo. Mayi a mwamuna wake ndi belle-mère, mawu omwewonso amene Afalansa amatchulira mayi opeza. Apongozi, amene timawapatukira panjira, kuwaika m'thumba limodzi ndi mayi opeza! Nanga wosauka mawu ndani pamenepa?

Chimene ndinawasirira Afalansa ndi nsanje yawo pa chiyankhulo. Bungwe lawo la Académie française, lokhala ndi mipando 40, lakhala likuchilondera kuyambira 1635. Kompyuta anaipatsa dzina lawo, ordinateur, ndipo mu 1994 anakhazikitsa lamulo loti malonda ndi mapangano a ntchito azilembedwa m'Chifalansa. Ife Mtanthauziramawu wa Chinyanja unatuluka mu 2000 ku Centre for Language Studies ku Zomba, koma ndi makomo angati amene ali nawo?

Chifalansa sichili kutali nafe. Ansembe ochiyankhula anakhazikitsa mishoni ku Mua mu 1902 ndipo anaphunzira Chichewa pakamwa pa eni ake. Ku Dzaleka, m'boma la Dowa, kwakhala othawa kwawo kuyambira 1994, ndipo ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda amachidziwa. Komabe mwana wa kusekondale akamaphunzira Chifalansa amayamba wazungulira ku Chingerezi, kumene inu amasanduka you, amalume n'kusanduka uncle, ulemu n'kutayikira m'njira.

Aphunzitsi a Chifalansa ndi akatswiri athu a ku Zomba, tilembereni kabuku kochoka m'Chichewa kupita m'Chifalansa mwachindunji. Zikomo mumupatse tsamba lakelake.