Bisiketi wa oats wopanda mchere ndi wosamaliza kuphika

Pali chizolowezi china cha anthu ophika mabisiketi pakhomo chimene chimandinyansa ine amene ntchito yanga ndi ya ufa ndi uvuni. Munthu amatsatira ndondomeko ya kaphikidwe ka mabisiketi a oats mwaulemu wonse, kuyeza fulawa, majarini, shuga ndi mazira, koma akafika pamzere wonena za supuni ya tiyi ya mchere amaulumpha dala. Mukamufunsa, yankho lake n'lomwe lija: mchere ndi wa ndiwo, m'zotsekemera ukufunamo chiyani? Mabisiketi amatuluka ooneka bwino ndithu, koma m'kamwa ali zii, ngati ukutafuna katoni yowaza shuga. Apa wophikayo amagamula mlandu molakwa. Amati shuga ndiye wachepa, ndipo ulendo wotsatira amawonjezera theka la kapu. Shuga akasungunuka pamoto amachititsa kuti mtanda uyenderere, choncho mabisiketi amafalikira pathireyi mpaka kugwirana, m'mphepete n'kupserera pakati pakadali pofewa. Kukoma kumene ankakufuna kuja osabwerabe, poti chimene chinasowa sichinali shuga.

Chodabwitsa n'chakuti munthu yemweyu sangayerekeze kupereka phala lopanda mchere kwa mlendo. Phala la mgaiwa timathiramo mchere likadali pamoto, shuga n'kubwera pambuyo, ndipo tsiku limene mchere waiwalika ngakhale mwana wamng'ono amakankha mbale, kaya muthiremo masupuni angati a shuga. Chigumu cha nthochi chimalira kamchere. Ana amadya mango osapsa ponyika mumchere kuti kuwawasa kuchepe. Mtedza wokazinga wopanda mchere umatha msanga kukoma. Zonsezi tinazidziwa kalekale popanda wotiphunzitsa za sayansi, ndipo mawu ake tili nawo: timati mchere wakolera. Kukolera si kuwawa mchere ayi. Chakudya chokolera sichimveka mchere, chimamveka chomwe chili, nyemba kumveka nyemba, nkhwani kumveka nkhwani. Nanga n'chifukwa chiyani nzeru imeneyi timaisiya pakhomo la khitchini tikangoyamba kuphika zinthu zolembedwa m'buku?

Akatswiri a kakomedwe ka zakudya anafika pomwe anafika agogo athu, kungoti iwo anafotokoza chifukwa chake. Mu 1997, Paul Breslin ndi Gary Beauchamp a ku Monell Chemical Senses Center mumzinda wa Philadelphia ku America anasonyeza kuti sodium, chimene ndi gawo limodzi la mchere wathu wapatebulo, amaphimba kuwawa kwa zinthu palilime. Kuwawa kukakhala m'chakudya kumapondereza kutsekemera, ndiye mchere ukagwetsa kuwawako, kutsekemera kumene kunali kobisika kumatulukira. Mu 2011 ofufuza a pamalo omwewo anapezanso kuti m'timaselo ta lilime tomva kutsekemera muli kachinthu kotchedwa SGLT1. Dzinalo lisakuopseni. Ndi kakhomo kamene kamalowetsa shuga wa mtundu wa glucose m'selo pokhapokha sodium ali pomwepo, ngati mlonda wokana kutsegula geti mpaka anthu awiri afike limodzi. Ambiri amaganiza kuti kakhomoka kamathandizira kuti zotsekemera zimveke kwambiri pakakhala kamchere. Mfundo ya kuwawa ija ndiyo yolimba kuposa iyi, ndipo ndi yokwanira kuti mlandu uthe.

Wina angafunse kuti m'bisiketi muli kuwawa kwanji koti kuphimbidwe. Kulimo, ndipo m'bisiketi wa oats n'kochuluka kuposa m'bisiketi wa fulawa yekha. Oats ndi mbewu ya kumayiko ozizira monga Canada, Russia, Poland ndi Finland, ndipo kuno timangoiona m'mapaketi, ambiri ochokera ku South Africa. Mbewuyi ili ndi mafuta ambiri kuposa tirigu, pafupifupi magalamu 7 pa magalamu 100 alionse, n'chifukwa chake kufakitale amaiwotcha ndi nthunzi kuti mafutawo asasase msanga, komabe paketi yokhalitsa pashelefu imakhala ndi kakuwawa kake. Gaga wa oats sachotsedwa, naye ali ndi kake. Soda amene timathira kuti bisiketi afufume amasiya kakomedwe konga ka sopo, kofanana ndi ka chidulo chikachuluka m'therere. Shuga wabulauni ali ndi madzi a nzimbe akuda aja, okoma koma owawirira kumapeto. Ndiyeno pali kufiira kwa bisiketi pamoto, kumene ophika timakutcha Maillard potengera dzina la Louis-Camille Maillard, wasayansi wa ku France amene anakufotokoza mu 1912: shuga ndi mapuloteni zikakumana pa kutentha zimabala fungo lokoma lija la chiwamba, koma limodzi nalo pamabwera kuwawa pang'ono. Zinthu zonsezi zikulimbana ndi shuga wanu, ndipo kasupuni kamodzi ka mchere ndiko kamaziletsa.

Ndivomereze kuti bodza loti mchere ndi wa ndiwo zokha lili ndi pobisala. Mu buledi, mchere ukaiwalika zimaonekeratu, chifukwa umalimbitsa guluteni, ulimbo wa mu fulawa umene umagwira mpweya, komanso umaletsa yisiti kuthamanga. M'bisiketi wa oats guluteni ndi wochepa ndipo yisiti mulibe, choncho bisiketi wopanda mchere amaoneka chimodzimodzi ndi mnzake. Maso sakuuza kuti walakwitsa. Lilime lokha ndilo limadziwa, ndipo lilime silitchula dzina la chimene chasowa.

Chotsutsa chachikulu ndi cha thanzi, ndipo sindichipeputsa, pakuti matenda a kuthamanga kwa magazi afala m'mabanja mwathu. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, ndiye kuti kuchepera pang'ono pa supuni ya tiyi. Koma tiyeni tiwerengere limodzi. Mtanda wa magalamu 250 a oats, 150 a fulawa, 200 a majarini, 200 a shuga ndi mazira awiri umatulutsa mabisiketi pafupifupi 30. Mukathiramo magalamu 6 a mchere, bisiketi mmodzi amatenga magalamu 0.2 okha. Shuga ndiye amatenga pafupifupi magalamu 7, kuposa supuni ya tiyi imodzi ndi theka. Bungwe lomwelo limati shuga wowonjezera asapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya, amene kwa wamkulu ndi pafupifupi magalamu 50 patsiku. Mabisiketi atatu okha amakufikitsani pafupi ndi theka la malire a shuga, pamene ku mchere woyezedwawo mwangodya gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu. Soda ndi majarini amawonjezera sodium wawo, n'zoona, koma sasintha chithunzichi. Munthu wochotsa mchere n'kuwonjezera shuga wathawa mbuzi n'kukagwa m'khola la ng'ombe. Kwa ine njira yanzeru ndi yosiya mchere momwe ulili n'kuchepetsa shuga ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, ndipo ambiri sazindikira n'komwe kuti wachepa. Amene adokotala anawaletsa mchere amvere adokotala, osati wophika.

Ena amati majarini ali kale ndi mchere, ndiye n'kuwonjezeranji. Apa akunena zoona pang'ono. Majarini ambiri ndi batala wina amabwera ndi mchere, koma kuchuluka kwake kumasiyana paketi ndi paketi, ndipo oats amamwa zambiri. Werengani papaketi, ndipo ngati muli mchere thirani theka la umene walembedwa, osausiyiratu. Palinso kusokoneza mchere wam'kati ndi mchere wapamwamba, zimene ndi ntchito ziwiri zosiyana. Wam'kati ukhale wosalala, wosakanizidwa mu fulawa kuti usungunuke ponseponse, ndipo sufunika kumveka. Wapamwamba ndi timibulu tingapo towaza pa bisiketi asanalowe mu uvuni, toti lilime likumane nato kaye lisanafike pa shuga. Umenewu ndiwo umapanga bisiketi amene amati wotsekemera ndi wamchere, ndipo ndi wosankha. Mchere wamiyala wa pamsika musauwaze momwe ulili, mungathyole mano a alendo. Uphwanyeni pang'ono ndi botolo.

Zotsalazo ndi zachidule, ndipo uvuni uliwonse uli ndi khalidwe lake. Takasani majarini ndi shuga mpaka ziyere, mazira alowe limodzilimodzi, zouma zibwere pomaliza osakanda kwambiri. Mtanda ugone mufiriji kapena pamalo ozizira kwa ola limodzi kuti oats amwe chinyezi, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Madigiri 180 kwa mphindi 10 mpaka 12 amakwana kawirikawiri, ndipo mutulutse pakati pakadali pofewa chifukwa amalimba akamazizira. Ophikira pambaula ayale mchenga pansi pa poto, makala ambiri akhale pachivundikiro. Mtedza wokazinga umalowa bwino m'malo mwa mphesa zouma zodula zimene ena amathiramo, koma ngati uli wamchere muchotsereko ku mchere wam'kati.

Amene mukukayikabe, gawani mtanda pawiri Loweruka likubwerali, mbali imodzi muthire mchere, inayo ayi, ndipo mupatse ana mabisiketi a mbali zonse ziwiri osawauza kanthu. Muone mbale imene iyambe kutha.