Abusa, Mutiyang'anireko Mwanayu

Sabata yotsegulira sukulu ndimaidziwira pageti. Pamadzaza matumba a ufa, ndowa, mbaula, matiresi opinda pakati omanga ndi chingwe cha mphira, komanso makolo amene miyendo ikuwakanika kubwerera kumudzi. Ena akaona kolala pakhosi panga amandikokera pambali. Mawu awo sasintha chaka ndi chaka: "Abusa, mutiyang'anireko mwanayu. Kwathu amayimba kwaya. Asakatayike kuno."

Ndine m'busa wa ophunzira pa koleji ina ya boma, ndipo ndakhala pa ntchitoyi zaka zochuluka. Anthu ambiri, ngakhale abusa anzanga a kumipingo, amayesa kuti ndine mlonda. Amaganiza kuti ndimawerenga mitu Lamulungu m'mawa, ndimazonda amene alowera kumowa Lachisanu, kenako n'kukawazazira paguwa. Kulalikira ndimalalikiradi, koma kumangotenga mphindi 30 pa sabata yonse. Nthawi yotsalayo ndimakhala m'kachipinda momwe muli ketulo, makapu anayi ndi mipando iwiri yoyang'anizana, chitseko chili chotsekula pang'ono. Ntchito yanga yeniyeni ndi kumvetsera.

Makolo amaopa mabuku. Amaopa mphunzitsi amene anganene m'kalasi kuti kulibe Mulungu. Ine zimene ndaona ndi maso anga n'zakuti chimene chimayamba kuchotsa wophunzira pakati pa akhristu anzake ndi njala, pamodzi ndi manyazi amene imabwera nawo.

Ndinaphunzira zimenezi movutikira. Mtsikana wina wa chaka chachiwiri anasiya kubwera kukwaya. Patatha milungu itatu ndinakumana naye panjira ya ku laibulale, ndipo ndinamuuza zimene ndinkaziona kuti n'zoyenera m'busa: kuti khala likagwa pambaula silichedwa kuzima, kuti asalole sukulu kumulanda Mulungu. Ananyonyomala pang'ono mwaulemu n'kunena kuti, "Ndamva, Abusa." M'mawa mwake mnzake wogona naye chipinda chimodzi ndi amene anabwera kudzandiuza zoona. A kwaya anali atagwirizana kuti aliyense asonkhe ndalama ya yunifolomu, iye analibe. Ankadya kamodzi patsiku, nsima ya bonya usiku, ndipo nthawi yophunzira nyimbo ndi imene ankachapira anzake zovala kuti apeze ya makala. Ine ndinali nditadzudzula munthu wanjala kuti wazirala mumzimu. Mpaka lero mtima umandiwawa ndikakumbukira. Kuyambira pamenepo, aliyense wolowa m'kachipinda kanga, tisanatsegule Baibulo, ndimayamba ndamufunsa kuti, "Wadya chiyani lero?"

Akuluakulu amene anaphunzira kale amakumbukira nthawi imene wosankhidwa kupita ku yunivesite ankapeza bedi m'hositeli ndi chakudya kukafiteriya. Nthawi imeneyo inapita. Lero mayunivesite a boma alipo 6, makamaka chigawidwire University of Malawi mu 2021 pamene MUBAS ndi KUHeS zinayamba kuima pazokha, ndipo ophunzira achuluka kuposa mabedi. Ambiri amachita lendi kunja kwa sukulu, monga ku Chikanda ku Zomba kapena ku Luwinga ku Mzuzu, atatu kapena anayi m'chipinda chimodzi, n'kumadziphikira okha. Bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira a sukulu zaukachenjede linakhazikitsidwa mu 2015 ndipo lathandiza ambiri, komabe si onse opempha amene amalandira. Pandalama yomweyo payenera kuchoka lendi, ufa, ndiwo, sopo, bandulo ya intaneti ndi yosindikizira asayimenti. Ndiye Lachisanu madzulo galimoto za abambo achikulire zimaima kuseri kwa mahositeli a atsikana, ndipo anyamata amaika ndalama ya ndiwo pa kubetcha mpira pafoni poyembekezera kuti ibereka. Tchimo ndimalitchula kuti tchimo, sindilinyengerera. Koma ndikalitchula osadziwa kuti m'poto wa mwanayo muli chiyani, mawu anga amangomuthamangitsa.

N'chifukwa chake kuseri kwa chitseko changa kuli kabati. Lamulungu loyamba la mwezi, ophunzira amene ali nako kangachepe amabweretsa wina kapu ya ufa, wina paketi ya soya, wina sopo. Wosowa amabwera nthawi imene kulibe anthu, amatenga, dzina lake sililengezedwa. Amene amapereka kwambiri ndi omwe anatengapo chaka chatha.

Nkhani ina imene imandipeza kawirikawiri ndi ya likasa. Mawu amenewa amandigwira mtima, chifukwa m'Buku Lopatulika likasa ndi bokosi lija la chipangano limene Aisraele ankalinyamula mwamantha, koma pasukulu likasa ndi kapepala ka mayankho kolowa nako m'mayeso mobisa. Mnyamata wina, mtsogoleri wa mapemphero m'hositeli yake, anabwera kutatsala masiku awiri kuti alembe sapu, mayeso obwereza phunziro limene analephera. Akalepheranso, amuwida, kumuchotsa sukulu. Kwawo anagulitsa ng'ombe kuti iye afike pamenepo. Anatulutsa kapepala m'sokosi, kolembedwa timalemba tating'ono ngati nyerere, n'kukaika patebulo. "Abusa, ndipempherereni kuti asandigwire." Sanali kuseka. Manja ake ankanjenjemera.

Ndinamuuza kuti pemphero limenelo sindingapemphere. Ndinamufunsanso kuti akadzamaliza, n'kupatsidwa ntchito yoyeza mlatho kapena mlingo wa mankhwala a mwana wodwala, adzatulutsa kapepala kati. Anakhala duu nthawi yaitali. Kenako tinachita chimene m'busa wa ophunzira amachita kawirikawiri koma anthu sachidziwa: ndinaimbira foni mtsikana wina wa chaka chachinayi amene phunziro limenelo ankalidziwa bwino, ndipo anakhala naye m'kachipinda kanga madzulo awiri, ine ndikuwiritsa tiyi. Kapepala kaja anakasiya patebulo. Mayeso analemba ndi mutu wake, ndipo anadutsa mwapang'onong'ono. Alipo ena amene anachita chimodzimodzi koma analephera, ndipo ndinawaperekeza kudepoti atanyamula matiresi. Iwonso sindinawanamize kuti kukhulupirika kumalipira nthawi yomweyo.

Tsopano za mabuku amene makolo amawaopa aja. Mafunso amabweradi, ndipo ine ndimawalandira ndi manja awiri. Wophunzira wina wa mbiri yakale analowa tsiku lina atanyamula Mabaibulo awiri. Limodzi linali Buku Lopatulika limene agogo ake anamupatsa, lina Buku Loyera la mnzake. Anatsegula malo amodzi m'mabuku onse awiri. Lina linalemba kuti Yehova, linalo Chauta. "Ndiye Mulungu ananena ziti? M'kalasi atiuza kuti Baibulo lathuli analimasulira ndi azungu. Ine ndinkayesa linachita kutsika kumwamba."

Wina akanamuuza kuti asiye kufunsa, ndi satana ameneyo. Ine ndinamuuza kuti aphunzitsi ake anena zoona, kungoti sanamalize. Buku Lopatulika linatuluka lathunthu mu 1922, ndipo ntchito yaikulu yomasulira anaitsogolera William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, atakhala pansi zaka zambiri ndi Amalawi odziwa chinenero chawo, amene mayina awo satchulidwa mokwanira. Buku Loyera linatuluka mu 1998, Akatolika ndi Apulotesitanti atagwirira ntchito limodzi, ndipo iwo anasankha dzina lakuti Chauta, limene makolo athu ankaitanira Mlengi kusanabwere mmishonale aliyense. Onsewo ankalimbana ndi dzina limodzi la Chiheberi la zilembo zinayi, limene Ayuda eniake salitchula chifukwa cha ulemu. Ndinamuonetsa zilembozo m'buku langa la ku sukulu yaubusa. Analiyang'ana nthawi yaitali, chala chili pansi pa mawuwo. Chimene ndinkafuna kuti aone n'chakuti chikhulupiriro chathu chinadzera m'manja mwa anthu, m'zinenero za anthu, ndipo mpingo sunayambe wabisapo zimenezi. Amene amabisa ndi ife alaliki tikachita ulesi. Mwana akafika pa koleji n'kumva koyamba kuchokera kwa munthu wosapemphera zinthu zimene abusa ake akanamuuza ali ku Sande sukulu, amaona ngati tinkamupusitsa. Tomasi uja, wophunzira wa Yesu, anakayika poyera pamaso pa anzake, ndipo sanathamangitsidwe m'chipindamo.

Wophunzira wofunsa sandidetsa nkhawa kwenikweni. Amene amandisowetsa tulo ndi wopemphera mopanda kupuma. Pasukulu pali magulu ambiri achikhristu: SCOM, imene inayamba mu 1961 ndipo ambiri amaidziwira ku sekondale, YCS ya Akatolika, CCAPSO, gulu la a Seventh Day amene amalimbana ndi makalasi oikidwa Loweruka, ndi timagulu tina tatsopano totsatira aneneri. Ambiri mwa maguluwa amachita ntchito yabwino. Yaro wofika kumene, wosadziwa aliyense, amapezamo mkulu wake womuonetsa kogula makala otchipa ndi womudzutsa akadwala malungo. Koma ndaonapo mwana akuyenda mapemphero Lolemba mpaka Loweruka, ovanayiti Lachisanu, kusala kudya sabata ya mayeso, chifukwa wina wamuuza kuti akadzoza cholembera mafuta ndiye kuti wakhoza. Zotsatira zikatuluka zoipa amanena kuti kumudzi amulodza. Kwa otere ndimalankhula mosapita m'mbali. Makolo ako sanakutumize kuno kudzatsegula mpingo. Kuwerenga ndi ntchito imene Mulungu wakupatsa zaka zinayi zimenezi, monga mlimi wapatsidwa munda. Danieli ku Babulo ankapemphera katatu patsiku, komanso anaphunzira mabuku a eni dziko mpaka kuwaposa. Atsogoleri a magulu ndimawapempha kuti kukatsala milungu iwiri kuti mayeso ayambe achepetse misonkhano. Ena amandimvera, ena amati ndine wozizira.

Kukhala mkhristu pa koleji kuli ndi mbali inanso imene ophunzira a lero sauzidwa. Pa 8 Malichi 1992 m'matchalitchi a Katolika munawerengedwa kalata ya maepiskopi yodzudzula kusowa kwa ufulu ndi chilungamo m'dziko, nthawi imene kutsutsa boma kunali kuika moyo pachiswe. Patangopita masiku ochepa, ophunzira a ku Chancellor College anayenda mumsewu kuikira kumbuyo maepiskopiwo, ndipo koleji inatsekedwa. Ophunzira anga ndimawafotokozera zimenezi makamaka nthawi ya zisankho za atsogoleri a ophunzira, pamene mavoti ayamba kugulidwa ndi mowa ndi kufunsana kuti kwanu n'kuti.

Pali lamulo limodzi la ntchito yanga limene makolo salikonda. Zolankhulidwa m'kachipinda kaja zimathera momwemo. Sindiuza aphunzitsi, sindiuza akulu a mpingo wa kwawo, sindiuza mayi ake. Wophunzira wa pa yunivesite ndi munthu wamkulu, ndipo tsiku limene angadziwe kuti m'busa ndi kazitape wa makolo, chitseko chija chikhoza kukhala chotsekula chaka chonse osalowa munthu. Lamuloli limathyoka pamalo amodzi okha: moyo ukakhala pangozi. Mwana akandiuza kuti sakuonanso chifukwa chokhalira ndi moyo, ndimamuuza pamaso kuti iyi sindisunga ndekha, ndipo ndimamuperekeza ndekha kuchipatala kwa odziwa za matenda a maganizo. Kupemphera timapemphera, panjira ndiponso pobwerera. Kuvutika maganizo ndi matenda, ndipo m'busa amene amauza wodwala kuti ataye mankhwala asonyeze chikhulupiriro akusewera ndi moyo wa mwana wa eni.

Mayi wina, mmodzi mwa aja anandikokera pambali pageti, anandiimbira foni chaka chili pakati. Anali atamva kuti mwana wawo wasiya kupita kutchalitchi cha mpingo wawo. "Abusa, tinakusiyirani mwana. Watani?" Ine ndinkadziwa zambiri. Ndinkadziwa kuti mnyamatayo anakhumudwa ndi imfa ya bambo ake ndipo kwa miyezi ingapo sankatha kupemphera, kuti ankabwera Lachinayi lililonse n'kungokhala pampando osanena zambiri, komanso kuti ndi iye amene ankagawana nsima ndi mnzake wosowa. Zonsezo zinali zake, osati zanga zoti ndigawe. Ndinangoti, "Mayi, mwana wanu ndimamuona sabata iliyonse. Muimbireni madzulo ano. Musayambe ndi za tchalitchi. Mufunseni ngati ufa ulipo, kenako mumulole alankhule."

Lachinayi lotsatira analowa, anakhala pampando wake, n'kundiuza kuti mayi ake anaimba ndipo analankhula mpaka mayunitsi kutha. Anatenga kapu, anadzithirira tiyi yekha, ndipo anandifunsa ngati kukwiyira Mulungu ndi tchimo. Ndinakankha chitseko kuti chitsekeke, n'kutsegula buku la Yobu.