Dzina Limodzi, Matchulidwe Awiri

Dzina la mzinda wa Blantyre linachokera ku Scotland, kwawo kwa David Livingstone komwe anabadwira mu 1813, ndipo amishoni anafika nalo ku Malawi mu 1876. Mzungu amalitchula mwachidule, m'maphatikizo awiri okha. Mmalawi amati Bulantaya, chifukwa mawu a Chichewa sathera pa konsonanti, ndipo b ndi l sizigundana popanda vawelo pakati. Kumeneku si kuphonya ayi, ndi mmene chilankhulo chimalandirira dzina lachilendo.

Ku England wovutika ndi mlendo. Akaona Leicester amawerenga chilembo chilichonse, pamene eni mzinda amangoti Lesita, pakatipo n'kumeza. Worcester nayenso ndi Wusita. Kalembedwe kanaima kalekale, koma pakamwa pa anthu mayinawo anapitiriza kufupika.