Podwazika Matenda Tisabwere Nawo Kunyumba

Amayi anzanga, munthu akadwala pamudzi, amene amamanga mtolo wa ufa, mphika ndi mphasa kupita naye kuchipatala ndi mayi. Maliro akagwa, amene amagona m'siwa, kutunga madzi ndi kuphikira khamu la anthu ndi mayi yemweyo. Ntchito zimenezi nzaulemu ndipo sitingazisiye. Koma sabata ino ndifuna tikumbutsane kuti manja amene amasamala wodwala ndi omwewo amene amakagawira ana nsima madzulo. Tikapanda kuchenjera, matenda amene tinaperekeza kuchipatala timabwera nawo tokha kunyumba.

Tonse tikuukumbukira mliri wa kolera umene unabuka m'boma la Machinga mu Malichi 2022, mvula yamkuntho itaononga zitsime ndi zimbudzi m'chigawo cha kummwera. Ife kuno ku Mchinji tinkaumva pawailesi ngati nkhani ya anthu a kunyanja, koma pasanathe chaka unali utafika m'maboma onse a dziko lino. Pa 5 Disembala 2022 mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, analengeza kuti mliriwo wasanduka ngozi ya dziko lonse, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsekulidwa. Anthu oposa 59,000 anadwala ndipo oposa 1,700 anamwalira.

Utayamba kuzizira kuno, unabuka kwa anansi athu ku Zambia mu Okutobala 2023. Ku Lusaka odwala anachuluka mpaka bwalo la zamasewero la National Heroes Stadium linasandutsidwa chipatala, ndipo anthu oposa 700 anatisiya. Kwa ife okhala m'malire nkhani imeneyi siyakutali. Pachipata cha Mwami pamadutsa anthu tsiku ndi tsiku, ena amadzera tinjira ta m'midzi popita kumsika ku Chipata kapena kukalira maliro a abale. Ambirife tili ndi apongozi kapena ana tsidya linalo, ndipo mwezi wa Ogasiti timakakumana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba. Tsono nthenda ikagwa mbali imodzi, mbali inayo isagone tulo.

Kodi kolera imayenda bwanji? Tizirombo take timakhala m'chimbudzi ndi m'masanzi a wodwala, ndipo timalowa mwa munthu wina kudzera pakamwa: m'madzi akumwa, m'chakudya, kapena m'manja osasamba. Tikalowa, munthu angayambe kutsekula m'mimba patangopita maola ochepa kapena masiku osapitirira asanu, chimbudzi chake chooneka ngati madzi otsukira mpunga. Choopsa nchakuti anthu ambiri amene ali ndi tiziromboti sadwala konse, koma amatitulutsa m'chimbudzi kwa masiku ofika khumi. Mlendo wooneka wathanzi, kapena inu nomwe pochokera kodwazika, mungathe kubweretsa nthendayi pakhomo osadziwa.

M'dzinja la 2023 ndinakhala sabata yathunthu ndikudwazika alamu anga pachipatala china. Zimene ndinaona kumalo kogona ife odikirira odwala zinandiphunzitsa zambiri. Tinkamwera kapu imodzi anthu khumi. Mayi wina ankachapa zitenje zoipitsidwa ndi wodwala pampope pomwe ena tinkatsukira mbale. Wina analowa m'chipinda cha odwala khanda lili kumsana, nalikhazika pansi kuti likwawe. Palibe amene anachita izi mwa nkhanza; tonse tinali otopa ndi odera nkhawa. Koma anamwino sangayang'anire dzanja la mayi aliyense. Imeneyo ndi ntchito yathu.

Choncho popita kodwazika, mumtolo mwanu musasowe sopo, kapu yanuyanu ndi ndowa yapadera yochapiramo. Wodikira akhale mmodzi, ndipo ana aang'ono atsale kunyumba ngati nkotheka. Sambani m'manja ndi sopo mukachotsa chimbudzi kapena masanzi a wodwala, musanaphike ndiponso musanadye. Kumene agoneka odwala kolera amaika madzi a klorini pakhomo; musawalumphe, pondanimo ndi kusambamo m'manja polowa ndi potuluka. Zovala ndi zofunda za wodwala ziviikidwe m'madzi a klorini ndi kuyanikidwa padzuwa. Musapite nazo kumudzi kukachapira kudambo, pachitsime kapena mumtsinje wa Bua, pakuti potero mwamwetsa mudzi wonse.

Si kolera yokha imene tingatole kumeneko. Chifuwa chachikulu chimayenda mumpweya wodwala akamatsokomola, nchifukwa chake anamwino amafuna mazenera akhale otsekula. Ife timathamangira kuwatseka poopa kuti wodwala azizidwa. Mfunditseni bulangete, zenera mulisiye. Mukatsokomola kwa masabata awiri, kayezetseni makhololo, pakuti m'zipatala za boma kuyeza ndi mankhwala omwe nzaulere. Singano yogwira kale ntchito musaitole, ndipo musalole kubayidwa jakisoni ndi munthu woyendayenda m'midzi. Lezala limodzi lotemera mphini banja lonse lingapatsirane kachirombo ka HIV ndi matenda a chiwindi.

Tsopano tifike pamaliro, pamene pali nkhani yovuta. Tinazolowera kuyendetsa beseni limodzi la madzi kuti anthu asambe m'manja asanadye, kuyambira akuluakulu mpaka womaliza. Taganizani madziwo akafika kwa munthu wa makumi awiri. Tsiku lina pamaliro a kwathu ndinatenga jagi kuti ndizithirira anthu mmodzimmodzi. Agogo ena anabweza manja nati, "Kodi mwatiyesa auve ife?" Ndinagwada pansi ndi kupepesa, pakuti ndinalakwa kuyamba chinthu chachilendo pamaso pa anthu osauza eni mudzi. Patapita masiku, amayi a gulu lathu tinakafotokoza kwa amfumu ndi anamkungwi mwaulemu. Iwo ndiwo analengeza kwa anthu, ndipo lero agogo omwe aja ndi amene amakalipa akaona beseni likuyenda. Phunziro langa linali lakuti chinthu chabwino chimalowa msanga m'mudzi chikadzera pakhomo la akuluakulu.

Munthu akamwalira ndi kolera, thupi lake limakhalabe ndi tizirombo tochuluka. Nchifukwa chake azaumoyo amalikonza okha ndi klorini, amaletsa kulisambitsa, amafuna liikidwe msanga, ndipo amapempha kuti pasakhale kuphika chakudya cha anthu ambiri. Ndikudziwa kuti zimawawa kuika mayi wako osamsambitsa, ndipo m'madera ena anthu anafika pokangana ndi azaumoyo chifukwa cha zimenezi. Koma amayi amene amasambitsa thupi ndi omwewo amene amapita kukagwira mthiko. Malemu sangakondwe kuti maliro ake abale maliro ena atatu.

Pakhomo panu, makamaka mvula ikayamba, madzi akumwa muziwiritse kapena kuthiramo WaterGuard kapena klorini amene amagawa alangizi a zaumoyo, ndipo dikirani mphindi 30 musanamwe. Mtsuko ukhale wovundikira, ndi chikho chimodzi chotungira chimene sichimwedwera. Pafupi ndi chimbudzi ikani mpondagiya ndi sopo; sopo akasowa, phulusa lithandize. Mango ndi zipatso zina zitsukidwe ndi madzi otetezedwa, ndipo pamsika, kaya pa Kamwendo, pa Kapiri kapena pa Mkanda, gulani chakudya chimene chikali chotentha.

Wina akayamba kutsekula m'mimba kwambiri, musadikire kuti kuche, pakuti kolera imatha kupha munthu wamkulu tsiku lomwelo pomuumitsa madzi m'thupi. Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa. Ngati palibe, mu lita imodziyo thiranimo masipuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere. Azimwa pang'onopang'ono njira yonse mpaka kuchipatala, ndipo mwana woyamwa asaleke kuyamwa. Odwala akalandira chithandizo msanga, pa anthu 100 alionse womwalira safika ndi mmodzi yemwe. Pa mliri wathu uja ankamwalira pafupifupi atatu, ndipo ambiri mwa iwo anafika kuchipatala mochedwa.

Pomaliza, ndikupempha gulu lililonse la amayi, la kumpingo kapena la banki mkhonde, kuti pamsonkhano wotsatira likambirane nkhaniyi. Sonkhani kangachepe mugule jagi, ndowa yampope ndi sopo zoti zizituluka pamaliro ndi paukwati uliwonse m'mudzi mwanu. Sankhani mayi mmodzi wosunga mapaketi a Thanzi, amene anthu angamgogodere ngakhale pakati pa usiku. Kenaka pitani kwa amfumu mukawafotokozere, mvula isanagwe. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga.