Kumene Galimoto Imapimidwa Utsi Isanapatsidwe Mapepala

Mwezi wathawu msuweni wanga, amene amanyamula anthu pa kagalimoto kake pakati pa Calomue ndi Ulongwe, anafika kunyumba akumwetulira. Galimoto yake inali itayamba ulesi pokwera mtunda, ndipo makaniko wina anamuuza kuti vuto lili mu ekizozi. Makanikoyo anadula paipi, nachotsa kachitini kooneka ngati kamphika katali, nawotchererapo paipi wamba. Galimoto inayambanso kuthamanga. Ndalama sanalipiritse, anangopempha kuti kachitiniko kakhale kake. Msuweni wangayo anati tsiku limenelo anadzuka bwino. Koma m'mawa mwake ine nditakwera mpando wa kumbuyo, ndinafika ku Ulongwe mutu ukuwawa, malaya akununkha utsi.

Kachitini kameneka amakaniko a kuno amakatchula kuti catalisador, ndipo anzathu a ku Malawi amati katalitiki. Mutu uja unandichititsa kuti ndifufuze ntchito yake. Pofufuzapo ndinapeza kuti kuli malo ena padziko pano kumene galimoto ya msuweni wangayo sakanaipatsa mapepala oyendera, ngakhale mabuleki, matayala ndi magetsi zikanakhala zabwinobwino. Malo odziwika kwambiri ndi chigawo cha California m'dziko la America. Omvera athu, tiyeni tipite kumeneko pang'ono, tibwereranso kuno kwathu.

Dziko limodzi, malamulo osiyana

Dziko la America lili ndi zigawo 50, ndipo chigawo chilichonse chimalembetsa chokha galimoto za anthu ake. Munthu akasamuka kukakhala chigawo china, amayenera kulembetsanso galimoto yake kumeneko. Lamulo la dziko lonse lotchedwa Clean Air Act limaletsa munthu aliyense kuchotsa kapena kuwononga zipangizo zochepetsa utsi. Koma lamulo ndi lina, kuyang'ana ngati anthu akulitsata ndi kwina. Zigawo zina sizipima utsi n'komwe. Mwachitsanzo chigawo cha Florida chinasiya kupima m'chaka cha 2000. Chigawo cha Texas chimapima m'madera ena okha, makamaka ozungulira mizinda ikuluikulu.

Tsono taganizirani mnyamata wa ku Florida wokonda liwiro. Wachotsa catalisador, waika ekizozi yaikulu yaphokoso, wasinthanso kompyuta ya injini kuti izithira mafuta ambiri. Wayenda nayo zaka zingapo popanda womufunsa. Kenaka wapeza ntchito ku California. Lamulo la kumeneko limati munthu amene wakhazikika m'chigawocho alembetse galimoto yake pasanathe masiku 20, ndipo sangailembetse popanda chikalata chosonyeza kuti yapambana pa kupima utsi, kumene iwo amakutcha Smog Check. Ngakhale galimotoyo ikhale ya zaka zochepa, ngati yachokera chigawo china imapimidwa ndithu. Zimene sizipimidwa ndi monga galimoto za petulo za chaka cha 1975 kubwerera m'mbuyo, za dizilo za 1997 kubwerera m'mbuyo, zamagetsi ndi njinga zamoto.

Wopimayo amayamba ndi maso. Amatsegula boneti, amasuzumiranso pansi, kuona ngati zipangizo zonse zimene galimoto inabwera nazo kuchokera ku fakitale zilipo. Ngati catalisador palibe, nkhani yathera pomwepo. Ngati mwini galimoto anaika chipangizo china chokhudza utsi chosakhala cha fakitale, chiyenera kukhala ndi nambala ya chilolezo yochokera ku bungwe la boma loona za mpweya, California Air Resources Board. Popanda nambala imeneyi galimoto yalephera, ngakhale utsi wake uoneke woyera. Kenaka galimoto zakale amazilowetsa kachipangizo ku ekizozi kuti ayeze utsi weniweniwo, pamene za chaka cha 2000 kubwera kuno amazilumikiza ku kompyuta kuti injini iulule yokha matenda ake. Kuyambira mu July 2021, akapeza kuti kompyuta ya injini inasinthidwa popanda chilolezo, nayonso ndi nkhani yolepherera. Ndipo kagetsi kochenjeza za injini kakakhala koyaka, galimoto siipambana.

Mnyamata uja amatsala ndi njira ziwiri: kubwezeretsa zonse zimene anachotsa, ndi ndalama zake, kapena kugulitsa galimotoyo asanasamuke. Akapambananso si kuti watha nazo, pakuti galimoto zambiri kumeneko zimabwerera kokapimidwa zaka ziwiri zilizonse.

Nkhanza kapena chifundo?

Poyamba ndinaona ngati anthu amenewa amangofuna kuvutitsa eni galimoto. Maganizo anasintha nditawerenga kumene lamuloli linachokera. Mzinda wa Los Angeles uli m'chigwa chozunguliridwa ndi mapiri, ndipo mpweya woipa ukalowamo umachedwa kutuluka. Mu July 1943 kunagwa chiutsi chimene chinathothotsa anthu misozi ndi kuwakanda kukhosi, mpaka ena anaganiza kuti adani a pa nkhondo awathira mpweya wapoizoni. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 katswiri wina, Arie Haagen-Smit, anaonetsa kuti chiutsicho chimapangika utsi wa galimoto ndi wa mafakitale ukawombedwa ndi dzuwa. Bungwe loona za mpweya lija linakhazikitsidwa mu 1967, galimoto zambiri zatsopano za ku America zinayamba kubwera ndi catalisador mu 1975, ndipo Smog Check inayamba mu 1984.

Chimene chinandikhudza mtima ndi nkhani ya ana. Akatswiri a pa University of Southern California anakhala zaka zambiri akuyeza mapapo a ana a sukulu a kumwera kwa chigawochi. Zotsatira zimene anatulutsa mu 2015 zinaonetsa kuti m'zaka za m'ma 1990, ana pafupifupi 8 mwa 100 aliwonse ankafika zaka 15 ali ndi mapapo ofooka. Mpweya utayera, pofika cha m'ma 2011, chiwerengerocho chinatsika kufika pa ana osakwana 4 mwa 100. Sikuti kupima galimoto kokha ndiko kunachita zimenezi, panalinso malamulo a mafuta, a mafakitale ndi a malole. Koma phunziro lake ndi lomveka kwa mayi aliyense: mapapo a mwana amakula molingana ndi mpweya umene akupuma.

M'kachitinimo muli chiyani?

Mukakang'amba mupeza chinthu chonga malesa a njuchi, chokhala ndi timabowo tambirimbiri. Timabowoto tinapakidwa miyala ya mtengo wapatali yotchedwa platinum, palladium ndi rhodium. Yambiri mwa platinum ya padziko lonse imakumbidwa ku South Africa. Utsi wotentha ukamadutsa pa miyala imeneyi umasinthika. Mpweya wa carbon monoxide, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka, umasanduka mpweya wosapha msanga. Petulo wosapsa bwino amamalizika kupsa. Mipweya ina yokanda m'chifuwa imaphwanyidwa. Catalisador yabwino ikatentha imachotsa pafupifupi magawo 9 mwa magawo 10 a zoipa zimenezi.

Apa mwaona kale chifukwa chimene makaniko uja sanafunire ndalama. Mu 2021 mtengo wa rhodium unaposa wa golide kangapo konse, ndipo ku America ndi ku Ulaya akuba ankachita kudula zitinizi usiku galimoto ili pakhomo. Msuweni wanga anaganiza kuti wakonzeredwa galimoto ulere, chonsecho analipira ndi chinthu chodula kuposa ntchito imene inagwiridwa.

Chinanso n'chakuti catalisador siitsekeka yokha popanda chifukwa. Kawirikawiri imatsekeka chifukwa injini ikudya oyilo, kapena mapulagi atha ndipo petulo akutuluka wosapsa. Kuichotsa kuli ngati kumwa mankhwala a mutu pamene munthu akudwala malungo. Galimoto imathamanga, koma matenda a injini ali pomwepo, ndipo tsopano zoipa zonse zikutulukira kunja osasefedwa. Kale chinkaononganso zitinizi ndi petulo wa mtovu, koma ameneyu anasiya kugulitsidwa kuno kumwera kwa Africa cha mu 2006.

Akupuma utsiwu ndani?

Tinene zoona, m'midzi mwathu utsi umene ukudwalitsa anthu ambiri ndi wa nkhuni kukhitchini, osati wa galimoto. Koma si tonse amene timakhala kutali ndi msewu. Pitani pa chipata cha Calomue kapena cha Zobue muone malole atandandalikana, injini zikulira, dalaivala akudikira mapepala. Pitani pa Lizulu tsiku la msika, pamene msewu womwewo ndiwo malire a Mozambique ndi Malawi. Amayi ogulitsa mbatatesi, tomato ndi kabichi amakhala pansi m'mphepete mwa tala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndipo mwana amene akuyamwa kapena kusewera pambali pawo mphuno yake ili pa msinkhu umodzi ndi ekizozi ya minibasi. Mwana amapuma mofulumira kuposa wamkulu, choncho amalowetsa utsi wambiri poyerekeza ndi kathupi kake.

Utsi wa dizilo uli ndi tinthu takuda ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene timalowa mpaka mkati mwenimweni mwa mapapo. Timautsa mphumu, timawonjezera chifuwa ndi chibayo, ndipo kwa akuluakulu timathandizira matenda a mtima ndi kufa ziwalo. Mu 2012 nthambi ya bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO yofufuza za khansa inalengeza kuti utsi wa dizilo umayambitsa khansa ya m'mapapo. Munthu amene akulandira mankhwala a chifuwa chachikulu ayenera kuupewa kwambiri.

Pa zipata zathu galimoto imafunsidwa mapepala a mwini wake, inshuwalansi ndi chilolezo cholowera. Ine chiyambire sindinaonepo munthu akugwada kuti asuzumire pansi pake. Tsono maso amene alipo ndi a dalaivala mwiniwake ndi a ife okwera. Utsi umanena wokha matenda a galimoto. Ukakhala wakuda, mafuta akuchuluka kuposa mpweya, ndipo nthawi zina vuto limangokhala sefa ya mpweya imene yadzaza fumbi, chinthu chotsika mtengo. Ukakhala wobiriwira ngati mtambo, injini ikuwotcha oyilo. Ukakhala woyera wosaleka ngakhale injini yatentha, madzi akulowa mmene sayenera kulowa. Woopsa kwambiri ndi carbon monoxide chifukwa alibe mtundu kapena fungo. Ngati okwera akudandaula mutu, chizungulire, nseru kapena tulo tosadziwika bwino, imitsani galimoto, anthu atuluke apume mpweya wabwino, ndipo amene wakomoka kapena wasokonezeka mutu muthamangire naye kuchipatala. Madalaivala a malole, musagone m'galimoto yotseka mawindo injini ikulira, ngakhale kuzizire bwanji mu June. Amayi a pamsika, ngati n'kotheka yalani malonda anu kutali ndi pamene galimoto zimaima, ndipo mwana mugoneke kumbuyo kwa benchi osati kumbali ya msewu. Kupempha dalaivala kuti azimitse injini pamene akudikira si mwano ayi, iyenso apulumutsa mafuta.

Msuweni wanga nditamufotokozera zonsezi anabwerera kwa makaniko uja kukafunsa kachitini kake. Anamuyankha kuti kanapita kale ndi anthu ogula. Makaniko wina atayang'ana anapeza kuti powotcherera paja panatsala kabowo, pansi penipeni pa mpando wa kumbuyo, ndipo m'pamene utsi unkalowera. Kabowoko anatseka, anasintha mapulagi ndi sefa. Injini ikudyabe oyilo, ndipo ndalama ya catalisador ina akuti aiona akakolola mbatatesi. Pakadali pano akafika pa siteji ya Calomue amazimitsa injini mpaka galimoto itadzaza, ngakhale anzake amamuseka kuti okwera amathamangira galimoto imene ikulira.