Alimi Owomba Nsalu a ku Saddleworth

Mafumu ndi alimi nonse, lero tikambe za Saddleworth, dera la midzi ku Mangalande, kumpoto chakum'mawa kwa Manchester. Kumeneko ndi kumapiri a Pennines, kozizira, kwa mvula yambiri. Nthaka yake njosabereka, koma msipu wa nkhosa ulipo.

Kale minda inali yaing'ono, yosadyetsa banja chaka chonse. Tsono alimi ankawomba nsalu za ubweya wa nkhosa m'nyumba zawo, akazi kupota ulusi, amuna kuwomba. Nyumba zawo zamiyala zikalipo, zamazenera ambiri pamwamba, popeza wowomba ankafuna kuwala.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 anaika makina m'mbali mwa mtsinje wa Tame, oyendetsedwa ndi madzi. Mu 1811 anatsegula ngalande ya mabwato yoboola phiri la Standedge, yopitirira mailosi 3. Nsalu zamakina zinatsitsa mtengo, owomba pamanja nasauka, nakalowa ntchito kumakinako. M'zaka za m'ma 1900 makina ambiri anatsekedwanso.

Lero nkhosa zikali m'mapiri, koma anthu ambiri amakagwira ntchito kumizinda. Inu eni midzi, kafunsaneni pabwalo: minda ikachepa, ana anu adzadyera ntchito yanji?