Madzi a mvula agwidwe kuyambira kumtunda

M'mwezi wa Malichi chaka cha 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula masiku angapo osalekeza, matope ndi miyala zidagumuka m'phiri n'kukwirira mudzi wa Ntauchira, m'dera la Mfumu Yaikulu Likoswe ku Chiradzulu. Mvula imeneyo inali yoposa muyeso, ndipo nkhalango yowirira payokha siingaletse kugumuka kulikonse. Komabe nthaka ya m'mapiri athu imapita chaka ndi chaka, mwakachetechete, ngakhale popanda namondwe. Kafukufuku amene boma lidachita mothandizidwa ndi bungwe la FAO adapeza kuti mu 2014 dziko la Malawi linkataya pafupifupi matani 29 a dothi pa hekitala iliyonse pachaka.

Akatswiri a zanthaka amafotokoza kuti madzi amawononga kwambiri akathamanga. Choncho ntchito yaikulu ndi kuwachedwetsa kuti alowe pansi pomwe agwerapo. Chida choyambira nchosavuta: mitengo itatu yomangidwa ngati chilembo cha A, ndi chingwe chomangirira mwala chikulendewera pakati. Chingwecho chikaima pa chizindikiro cha pakati, ndiye kuti miyendo iwiriyo yaponda pa msinkhu umodzi. Pamenepo mlimi amakhoma zikhomo, nakweza mzere wa kalozera wopingasa chitunda, ndipo mizere yonse ya m'munda imatsata umenewo. Pa kalozerapo amabzala udzu wa vetiva, womwe mizu yake imazama kwambiri n'kugwira dothi. Ngonyeka zimasunga madzi m'makwawa, kotero chimanga sichifota msanga mvula ikadula mu Januwale.

Koma vuto la Chiradzulu nlakuti minda ndi ing'onoing'ono ndiponso yothithikana. Mayi angathe kukonza bwino munda wake, koma ngati mnansi wa kumtunda walima mizere yotsetsereka, madzi ake adzaphwasula zonse usiku umodzi, n'kusiya chigwembe. Nchifukwa chake alangizi a zaulimi amalimbikitsa kuti mudzi wonse uyambire pamodzi pamwamba pa chitunda, kutsikira kudambo. Apa mawu a nyakwawa ndi ofunika, monganso misonkhano ya Miphakati, kumene eni minda yogundana amakumana kale mwachizolowezi.

Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, koma mbande zambiri zimauma kapena kudyedwa ndi mbuzi. Kusamala mphukira za zitsa zakale, podulira zina n'kusiya zingapo zamphamvu, sikulira ndalama, ndipo zimakula msanga popeza mizu ilipo kale. Akalozera okha ayenera kuyezedwa m'chilimwe, anthu asanayambe kugalauza minda.